Kodi wamasamu amakatani kofukula zakale?

Anzanga, a Mlembi anandiuza kuti zimene ndinayankhula Loweruka lapitali pa gawo lathu la za ntchito ndizilembe, kuti amene munalibe muwerenge pano. Ndazilemba pafupifupi momwe ndinazinenera. Ndangochotsamo phokoso la anyamata a pa benchi yakumbuyo aja.

 

Mwezi watha tinamva za unamwino, mwezi winawo tinamva za ukalipentala. Zimenezo ndi ntchito zoti timaziona ndi maso tsiku lililonse. Ine lero ndabwera ndi ntchito yoti mwina palibe wa ife anakumanapo ndi munthu woigwira, ndiye ndikudziwa kuti ena mufunsa kuti nanga tikutayiranji nthawi. Ndipirireni kaye, ndiyambire pa dzenje la njerwa.

Chaka chatha titangomaliza mayeso a Fomu 4, ine ndi msuweni wanga tinapeza ganyu youmba njerwa. Dzenje lokumbamo dothi litafika m'chiuno, khasu linayamba kugunda mapale. Sanali mapale a mphika wosweka dzulo ayi. Anali okhuthala, akuda, ndipo kumlomo kwake kunali timizere topingasapingasa ngati maluko a mkeka. Pambali pake panali makala ndi tizidutswa ta mafupa. Msuweni wanga akuti ndi mphika wa agogo awo a agogo athu, zaka 100 basi. Ine ndikuti ayi, izi ndi za anthu akalekale, mwina Akafula amene. Tinakangana mpaka mwini njerwa anatipeza chiimirire, nati, "Inu, ine ndikulipirani pa njerwa, osati pa mbiri. Ponyani uko." Tinaponyadi. Ine ndinangobisa phale limodzi m'thumba la kabudula, ndi ili mukuliona apali. Lidutse, koma libwerere kwa mwini wake.

Funso linanditsalira m'mutu. Pa awiri ife, wolondola ndani? Ndipo munthu angadziwe bwanji, osati kungolimbikira pakamwa?

Miyezi yodikira ija mukuidziwa, yoti munthu umadzuka wopanda kopita. Ine bandulo yanga yausiku inkathera posakasaka ma scholarship. Usiku wina ndinagwera pamene mayunivesite a ku Britain amalengezapo ntchito zawo, ndipo mtundu wina wa ntchito unandidabwitsa. Amafuna munthu wa statistics, masamu omwe aja tinkawathawa ku Fomu 4, kuti akagwire ntchito limodzi ndi akatswiri ofukula zakale. Dzina la udindowo ndi postdoctoral researcher, ndipo eni ake amangoti postdoc.

Postdoc ndi ntchito, si sukulu. Amalemba munthu amene wamaliza PhD, digiri imene ikakhala m'manja amakutchula Dokotala ngakhale sunagwirepo jakisoni. Pulofesa wina amapempha ndalama za kafukufuku ku mabungwe monga European Research Council kapena Leverhulme Trust. Ndalama zikabwera, amalemba munthu woti agwire gawo lolemera la kafukufukuyo kwa nthawi yoikika, kawirikawiri chaka chimodzi mpaka zitatu. Munthu ameneyo amalandira malipiro pamwezi, amalemba zimene wapeza m'magazini a asayansi, ndipo ndalama za pulojekiti zikatha, ntchito nayo yathera pomwepo. Za kutha kumeneku ndibwererako, chifukwa ndi pamene pali minga.

Tsopano, wamasamu akukatani pakati pa mafupa ndi mapale?

Amene munatenga Physics mukukumbukira half-life. M'mpweya umene tikupumawu muli kaboni, ndipo mwa kaboni yenseyo muli kagawo kakang'ono kwambiri kotchedwa kaboni 14, pafupifupi atomu imodzi pa maatomu miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni. Zomera zimamutenga mu mpweya, mbuzi imadya zomera, ife timadya mbuzi ndi nsima. Chamoyo chikafa chimaleka kulandira watsopano, ndipo amene ali kale m'thupi amayamba kutha pang'onopang'ono. Theka limatha pa zaka 5,730. Ukayamba ndi 1,000, pakatha zaka 5,730 watsala ndi 500, pakatha zina 5,730 watsala ndi 250. Ukayeza wotsala mu khala kapena mu fupa, ukhoza kuwerengera kuti mtengowo kapena nyamayo inafa liti. Njirayi imafika zaka pafupifupi 50,000, kupitirira apo wotsalayo amakhala wochepa kwambiri moti kuyeza kumavuta. Anaipeza ndi Willard Libby ndi anzake ku yunivesite ya Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1960 anapatsidwa mphoto ya Nobel.

Zikanakhala kuti nkhani ikuthera pamenepa, bwenzi wamasamu asakufunika. Calculator ya pa foni ikanakwana. Koma pali zokhota ziwiri.

Chokhota choyamba, makina sapereka chaka chimodzi. Amapereka nambala ndi mpata wa kuphonya kwake, tiyerekeze 1,200 kuphatikiza kapena kuchotsa 30. Maatomu satha pamzere ngati ana pa asembule, amatha mwamwayi, ndiye kuwerenga kulikonse kumasiyana pang'ono ndi kunzake. Ndipo nambala imeneyo amaiwerenga kubwerera m'mbuyo kuchokera mu 1950, osati kuchokera lero. Ndi chaka chimene anagwirizana kuti chikhale poyambira.

Chokhota chachiwiri n'chachikulu. Kaboni 14 wa mu mpweya sanali wofanana zaka zonse. Nthawi zina ankachuluka, nthawi zina ankachepa, malingana ndi mmene dzuwa likuchitira komanso mphamvu ya maginito ya dziko lapansi. Ndiye chaka cha kaboni si chaka cha pa kalendala. Kuti akonze zimenezi, asayansi amayeza zinthu zoti zaka zake zikudziwika kale. Kumayiko ozizira mtengo umawonjezera mzere umodzi m'thunthu mwake chaka chilichonse, ndiye ukawerenga mizereyo umadziwa chaka chenicheni cha mzere uliwonse, n'kuyeza kaboni wake. Amawonjezerapo matope a pansi pa nyanja, miyala yomera m'mapanga ndi zina. Zonsezi, miyeso masauzande ambiri yochokera ku malabotale osiyanasiyana, ina yosagwirizana, iyenera kusanduka mzere umodzi wa pa graph wosinthira zaka za kaboni kukhala zaka za pa kalendala. Ameneyo ndi wamasamu amene amausoka. Mzere umene unatuluka mu 2020 umatchedwa IntCal20 ndipo umabwerera zaka 55,000. Masamu ake anatsogolera ndi Tim Heaton, amene panthawiyo anali ku yunivesite ya Sheffield. Ife a kumwera kwa equator tili ndi wathu, SHCal20, chifukwa mpweya wa mbali ino umasiyana pang'ono ndi wa kumpoto, ndipo zamoyo za m'nyanja ya mchere zili ndi wawo, Marine20.

Mzere umenewu si wowongoka. Umakwera, umatsika, pena umagona chafulati. Pamene wagona, zaka zambiri za pa kalendala zimapereka nambala imodzimodzi ya kaboni. Pali malo otchuka pakati pa zaka 800 ndi 400 Yesu asanabadwe, pamene chinthu ukachiyeza umangodziwa kuti chili penapake m'zaka 400 zimenezo. Ndipo chimene chinandipweteka ine n'chakuti kuyambira cha m'ma 1650 kufika 1950 mzerewu umakhotakhota kwambiri. Tanthauzo lake, khala la nthawi imene Angoni a Zwangendaba ankawoloka Zambezi mu 1835 likhoza kupereka mayankho atatu kapena anayi osiyana. Zaka zimene mbiri yathu ya pakamwa ili ndi nkhani zambiri ndi zomwezo zimene kaboni payekha amachita chibwibwi.

Ndiye amatani? Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ntchito ndikunenayi yagona pamenepa.

Tiyerekeze mlendo wafika pakhomo, wapeza ana atatu. Akuwayang'ana n'kumayerekeza zaka zawo. Wamtaliyu, akuti, ali pakati pa 15 ndi 19. Wapakatiyu pakati pa 14 ndi 18. Wamfupiyu pakati pa 13 ndi 17. Aliyense wamupatsa mpata waukulu, chifukwa maso okha sanganene zoposa pamenepo. Kenako mayi a anawo akutuluka m'nyumba, akuti, "Wamfupiyo ndiye chisamba, wamtaliyo ndi mzime, ndipo ndinkawasiyanitsa ndi chaka kapena kuposa." Mayiwo sanatchule zaka za wina aliyense. Koma taonani. Mzime sangachepere 15. Ndiye wapakati sangachepere 16, chisamba sangachepere 17. Ndipo mlendo uja anati wamfupiyo sangapose 17. Basi, yankho latuluka lokha: 17, 16, 15. Kungodziwa amene anayamba ndi amene anatsatira kwafinya mipata yonse ija.

Pofukula zakale, mayi aja ndi nthaka. Ganizirani dzala la kuseri kwa nyumba. Zinyalala za pansi zinatayidwa kale kuposa za pamwamba, pokhapokha nkhumba kapena munthu atavundula. Wofukula wabwino amakumba pang'onopang'ono, n'kumalemba kuti khala ili linali pansi pa phale ili, fupa ili linali pamwamba pa phulusa ili. Wamasamu amatenga dongosolo limenelo n'kuliphatikiza ndi miyeso ya kaboni. Njira yophatikizira zimene ukudziwa kale ndi zimene wayeza kumene imatchedwa ya Bayes, kuchokera kwa Thomas Bayes, m'busa wa ku England amene anamwalira mu 1761, ndipo zimene analemba pa nkhaniyi zinasindikizidwa mu 1763 iye atapita kale. Ana atatu tawawerengera pamtima, koma miyeso ikakhala 200 palibe mutu ungathe. Kompyuta ndi imene imayesa mayankho mamiliyoni, kutaya onse otsutsana ndi dongosolo la nthaka, n'kuona kuti otsalawo aunjikana pati. Zimenezo amazitcha MCMC, ndipo ndi limodzi mwa mawu amene amabwerabwera akamafotokoza munthu amene akumufuna pa ntchito zimenezi.

Amene anathandiza kwambiri kubweretsa njira ya Bayes kwa ofukula zakale ndi mayi, atsikana mumve. Dzina lawo ndi Caitlin Buck, amene anadzakhala pulofesa ku dipatimenti ya masamu ndi statistics ku Sheffield. Mu 1996 analemba buku la nkhaniyi limodzi ndi William Cavanagh ndi Cliff Litton. Ku Oxford, Christopher Bronk Ramsey anapanga pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa OxCal m'zaka za m'ma 1990, ndipo mpaka lero ndi imene ofukula ambiri padziko amagwiritsa ntchito. Zotsatira zake zinasintha mbiri ya kwawoko. Mu 2011 Alasdair Whittle, Frances Healy ndi Alex Bayliss anatulutsa kafukufuku wotchedwa Gathering Time, wa malo ozunguliridwa ndi maenje amene alimi oyamba a ku Britain ankasonkhanirapo. Anagwiritsa ntchito miyeso ya kaboni yoposa 2,000. Kale ankangoti malowa anamangidwa nthawi ina m'kati mwa zaka mazanamazana. Atawerengera mwa njira ya Bayes zinaoneka kuti anayamba kumangidwa cha m'ma 3700 Yesu asanabadwe, ndipo ambiri anamangidwa motsatizana m'mibadwo yochepa chabe, ena n'kusiyidwa msanga. Kusiyana kwake kuli ngati kunena kuti munthu anabadwa nthawi ya atsamunda, ndi kunena kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi chokoma, cha mfumu ya pansi pa malo oimika magalimoto. Richard III, mfumu ya England, anaphedwa pa nkhondo ya ku Bosworth mu 1485 ali ndi zaka 32, ndipo manda ake anasowa. Mu 2012 ofukula a ku yunivesite ya Leicester anakumba pamalo oimikapo magalimoto mumzindamo, pamene kale panali nyumba ya amonke, n'kupeza mafupa a mwamuna wa msana wokhota, wokhala ndi mabala a nkhondo m'mutu. Atayeza kaboni, zaka zoyamba zinasonyeza kuti munthuyo anafa kale ndithu 1485 isanafike. Bwenzi ena atagwa ulesi pomwepo. Koma mafupa omwewo anasonyezanso kuti munthuyu ankadya kwambiri nsomba za m'nyanja ya mchere, ndipo kaboni wa m'nyanja ya mchere amaoneka wokalamba ndi zaka mazana angapo kuposa wa pamtunda. Wodya nsomba zambiri mafupa ake amanamiza makina. Atakonza zimenezo, mpata unakhala pakati pa 1450 ndi 1540, ndi chitsimikizo cha 95 pa 100. Chaka cha 1485 chinalowa m'kati. Inu a kunyanja musaseke, nsomba za m'madzi opanda mchere nazo zimatha kusokoneza chimodzimodzi, ndipo nyanja iliyonse imafunika kuyezedwa payokha.

Sanalekere pomwepo. Anayeza DNA ya kuchikazi, n'kupeza kuti ikufanana ndi ya zidzukulu za mlongo wake wa mfumuyo, Anne of York. Koma DNA ya kuchimuna sinafanane ndi ya anthu amene m'mabuku amati ndi a mtundu wake. Ndiye umboni wina ukuvomera, wina ukukana. Apa sipafunika mkangano ngati wa ine ndi msuweni wanga. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Turi King linatenga umboni uliwonse, msinkhu, msana, mabala, kaboni, DNA yovomera ndi yokana yomwe, n'kuupatsa kulemera kwake m'manambala. Zonse pamodzi zinasonyeza kuti umboni woterewu ndi wotheka ka 6.7 miliyoni kuposa ngati mafupawo ndi a Richard kusiyana ndi ngati ali a munthu wina. Ngakhale atayamba ndi maganizo a munthu wokayika kwambiri, chitsimikizo chinafika 99.999 pa 100. Mu 2015 anamuikanso m'manda mu tchalitchi chachikulu cha Leicester. Chimene chimandisangalatsa ine si mfumuyo ayi. Ndi chakuti umboni wokana uja sanaubise pansi pa mphasa, anauwerengera limodzi.

Si kaboni yekha. Phale langali palokha lili ndi masamu ake. Mu 1899 Flinders Petrie, akufukula ku Egypt, anali ndi manda pafupifupi 900 opanda chaka cholembedwa. Manda aliwonse anawalemba pa kachidutswa ka katoni, pamodzi ndi mitundu ya miphika imene inapezekamo, n'kumasuntha tizidutswato mpaka miphika yofanana itayandikana. Fashoni ya miphika imabwera, imachuluka, imatha, ngati mmene mathalauza amasinthira. Potero anapeza manda oyamba ndi otsatira. Patapita zaka zambiri wamasamu wa ku Cambridge, David Kendall, anaisandutsa njira imeneyi kukhala masamu oti kompyuta ichite. Kuno kwathu miphika yakale ilinso ndi mayina ake, otengedwa ku malo amene inapezeka, monga Nkope, Kapeni ndi Mawudzu, ndipo ya Nkope, imene dzina lake linachokera ku Nkope Bay ku Mangochi, inayamba kuumbidwa zaka zoposa 1,500 zapitazo.

Tsono wina kumbuyoko afunsa kuti amalipira zingati. Malipiro amalembedwa poyera pa chilengezo chilichonse, m'mapaundi, ndipo ukawasintha kukhala makwacha mutu umazungulira. Koma uchotsepo msonkho, lendi ya ku England ndi zotenthetsera nyumba nthawi yozizira. Si ntchito yolemeretsa munthu. Chimene amafuna kwa iwe ndi PhD ya statistics, ya masamu, kapena ya sayansi ya zofukula yokhala ndi masamu okwanira. Amafuna woti amatha kulemba mapulogalamu, makamaka mu R kapena Python, woti analembapo kale m'magazini a asayansi, komanso woti angathe kufotokozera munthu wosadziwa masamu tanthauzo la zimene wapeza. Chomalizachi musachipeputse. Wofukula ndiye amadziwa nthaka, wamasamu amadziwa manambala, ndipo akapanda kumvana kompyuta imatulutsa yankho looneka bwino koma labodza. Ukaiuza kuti wamtali ndiye chisamba, siikutsutsa, ingowerengera zomwezo.

Makwerero ake tiwawerenge pamodzi. MSCE yabwino, ndi masamu olimba. Digiri yoyamba, zaka 4. Masters, chaka chimodzi kapena ziwiri. PhD, zaka 3 kapena 4. Ndi zaka 8 mpaka 10, ngati palibe kubwereza, kusowa fizi kapena kudikira scholarship. Ine ndili ndi zaka 20, ndiye zitayenda bwino zonse ndingafike pakhomo pa ntchito imeneyi ndili ndi zaka pafupifupi 30. Ndipo pakhomopo ndikapeza anthu ochokera m'mayiko onse akulimbirana malo amodzi.

Ukalowa, minga ija ndi iyi. Kontirakiti ndi ya zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye usanaimalize umakhala wayamba kale kufunsira ina. Ina ija ikhoza kukhala mumzinda wina kapena dziko lina, ndipo kwa ife obwera, chilolezo chokhalira m'dzikomo kawirikawiri chimamangidwa pa ntchitoyo. Ambiri amadutsa ma postdoc awiri kapena atatu asanapeze ntchito yokhazikika, ndipo ena saipeza n'komwe. Ngakhale madipatimenti amene amagwa. Mu 2021 yunivesite ya Sheffield yomwe ndaitchula ija inagamula zotseka dipatimenti yake ya zofukula zakale, ngakhale inali yotchuka ndipo anthu masauzande ambiri anasaina kalata yokana. Sindikufuna wina achoke pano akuti ndamulonjeza ndege.

Maganizo anga ndi awa, ndipo a Patironi akhoza kunditsutsa. Ngati nkhaniyi yakukoka, lowera khomo la masamu. Munthu wa statistics akapanda kupeza mafupa oti awerengere, akawerengera odwala malungo, zokolola za chimanga, kapena kalembera wa anthu ku National Statistical Office ku Zomba. Bayes yemweyo, R yemweyo. Statistics amaphunzitsa konkuno, ku University of Malawi ku Zomba ndi m'mayunivesite ena a boma. Ukamaliza digiri kuli AIMS, sukulu ya masamu imene inayamba mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, ndipo pano ili ndi nthambi m'mayiko monga Ghana, Senegal, Cameroon ndi Rwanda. Imatenga ana a mu Africa muno kukachita masters, n'kuwalipirira zonse. R ndi yaulere, OxCal nayo munthu akhoza kuigwiritsa ntchito pa intaneti osalipira. Chodula ndi laputopu ndi bandulo, zimenezo sindingakunamizeni.

Ndipo zoti muwerengere zilipo, pansi pa mapazi athu pomwepa. Ku Chongoni ku Dedza kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, a Yusuf Juwayeyi anafukula likulu la Amaravi n'kupeza mikanda ya galasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ku phiri la Hora ku Mzimba, gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale, mogwirizana ndi dipatimenti yathu ya Museums and Monuments, linapeza mafupa a makanda awiri amene anaikidwa zaka pafupifupi 14,000 kapena kuposa zapitazo. Mu 2022 DNA yawo inalengezedwa kuti ili m'gulu la DNA ya anthu yakale kwambiri imene yawerengedwapo mu Africa kumwera kwa Sahara. Zoyeza za m'malo amenewa zimatumizidwa ku malabotale a kunja, chifukwa makina ake ndi odula zedi. Ena ali ku iThemba LABS ku Johannesburg. Koma manambala akabwerako, kuwawerengera sikufuna makina amenewo. Kumafuna mutu ndi laputopu. Sindikuona chifukwa choti mutu umenewo uzikhala wa ku Oxford nthawi zonse.

Ndibwerere ku phale lija, kaya lafika kwa ndani. Nditawerenga zonsezi ndinazindikira chimene tinachita tsiku lija. Makala aja ndi amene akanatha kuyezedwa. Kuya kwake, ndi chimene chinali pamwamba pa chinzake, ndi amene anali mayi onena kuti chisamba ndi uyu. Ife tinavundula zonse ndi khasu, dothi tinaliponda, n'kuliika m'chikombole. Pano ndi khoma la nyumba ya munthu. Katswiri akhoza kuyang'ana timizere ta phaleli n'kunena kuti likufanana ndi miphika ya mtundu wakuti, koma funso limene tinakanganira ine ndi msuweni wanga, loti anthu amenewo anaphika pamalo amene aja liti, palibenso angaliyankhe bwinobwino, ngakhale pulofesa. Mwini njerwa sindimuimba mlandu, naye amathamangira mvula isanagwe. Koma ife tinali titangolemba mayeso a History masabata ochepa m'mbuyomo.

Ambiri muno mumakumba, kaya ndi njerwa, zimbudzi, maziko kapena zitsime. Mukagunda mapale ambiri pamalo amodzi, makala, mafupa kapena zotsalira za ng'anjo yosungunulira chitsulo, imani kaye. Jambulani ndi foni zisanachotsedwe, muike khasu kapena lula pambali kuti kukula ndi kuya kuzioneka. Musazule kuti mukaonetse anzanu ngati mmene ndachitira inemu. Auzeni amfumu, ndipo uthenga ufike ku dipatimenti ya Museums and Monuments, chifukwa zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act. A Patironi avomera kuti kalabu ilembe kalata yofotokoza za malo aja, poti mbali ina ya dzenje sinakumbidwe.

Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi zitsekerero za mabotolo khumi. Tikazisonkhanitsa tiziponya pa mkeka, zogwa chagada tizichotsa, zotsala tiziponyanso, n'kumalemba manambala pa bolodi mpaka zithe. Tichita maulendo asanu. Muona nokha kuti sizitha theka lenileni ulendo uliwonse, ndipo tiyesa kupeza half-life ya zitsekerero zathu ndi mpata wa kuphonya kwake. Amene ali ndi calculator ya sayansi abwere nayo, ndipo a Msungichuma atikumbukire choko.